Dzino limodzi mu difu ya Hilux yanga

Difu ya kumbuyo, bokosi la magiya lokhala pakati pa matayala akumbuyo, inayamba kulira mu Epulo, mvula itangokata. Poyamba kanali kaphokoso kakutali, kong'ung'udza, kobwera ndikaponda mafuta n'kuzimirira ndikachotsa phazi. Pofika mu Juni kanasanduka mfuu, moti munthu wokhala mpando wakumbuyo ankachita kukuwa kuti timvane. Tsiku lomwe tinamasula bawuti yotsitsira oyilo, chimene chinatuluka chinali ngati tiyi wamkaka, ndipo pa maginito a bawutiyo panamatirira tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa. Madzi analowera pa kabowo kopumira kamene kali pamwamba pa ekiselo, tsiku lina lomwe ndinawoloka mtsinje wodzaza, ndipo oyiloyo sindinamusinthe. Mabering'i anadyeka, mano n'kuyamba kulumana molakwika, difu n'kuthera pomwepo.

Galimotoyi ndi Hilux yakale ija ya LN106, ya makomo anayi, ya mawilo anayi okoka, injini yake ya dizilo ya 3L, 2,779cc, yopanda tebo. Ndi imene imadyetsa banja langa. Ndimatenga kachewere, kabichi ndi tomato ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Bembeke kupita nazo ku Lilongwe, ndipo pobwerera ku Dedza ndimasenza feteleza kapena simenti ya anthu. Ikaima sabata imodzi, pakhomo zimaoneka.

Ubwino wa Hilux, difu yake imatuluka yonse ngati mutu umodzi. Ukasolola ma hafu shafti (zitsulo zochoka ku difu kupita ku matayala) mbali zonse ziwiri, n'kumasula propshaft (chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi) ndi manati ozungulira, mutuwo umabwera m'manja ndi magiya ake onse. Ndinaukulunga mu thumba la feteleza n'kupita nawo kwa anthu ogulitsa masipeya ochotsa ku magalimoto akufa. Mnyamata yemwe ndinamupeza anali waulemu ndithu. Anatulutsa mutu wina pansi pa shelefu, anaupukuta ndi chiguduli, anauika pambali pa wanga. Kenako anatenga choko, nalemba dzino limodzi la giya lalikulu lija lomwe amakaniko amalitcha crown, n'kuyamba kuwerenga akulizungulitsa pang'onopang'ono. Pa difu yanga anapeza mano 41. Pa difu yake anapezanso 41.

"Mwaonatu bwana, ndi imodzimodzi. Kamangeni, mukanditamanda."

Ndinaona ndi maso anga, ndinawerenga naye limodzi, ndinalipira. Kugalaja mutuwo unalowa ngati unabadwira momwemo. Manati onse anagwirizana, ma hafu shafti analowa osavuta, phokoso lija linatheratu. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Sabata yoyamba yomwe ndinamva kuti galimoto yasintha khalidwe. Ikakhala yopanda katundu inkayenda mofatsa, injini yosakuwa ngati kale, ndipo ndinkaganiza kuti ndi mmene difu yabwino imakhalira. Koma nditasenza matumba a feteleza kuchokera ku Lilongwe, pa zitunda za pambuyo pa Linthipe, inayamba kundipempha giya yotsika pamalo pomwe zaka zonsezi ndimadutsa pa folo. Giya ya faifi inasanduka ya pachigwa pokha. Ponyamuka ndi katundu pamalo okwera ndinkachita kugwira kilatchi nthawi yaitali, mpaka kafungo kake kumamveka m'kati. Ndinasintha fyuluta ya dizilo, ndinatsukitsa ya mpweya, ndinayamba kusunga ndalama zoti akaone pampu ndi ma injekita. Maganizo anga onse anali pa injini.

Panalinso china chimene ndinachiona koma osachimvetsa. Kuchoka ku Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo wotchi ya mtunda ya galimotoyi inkandipatsa nambala yoyandikira pamenepo ulendo uliwonse. Difu itasinthidwa inayamba kuwerenga 76 kapena 77. Ine ndimalemba dizilo ndi makilomita m'kabuku, ndiye powerengetsera zinkaoneka ngati galimoto yayamba kumwa kwambiri, zomwe zinangowonjezera kukayikira kwanga pa pampu. Mwana wa mlongo wanga ndiye anayatsa GPS pa foni yake tsiku lina tili pa M1, nati, "Amalume, muvi wanu ukuti 80 koma foni ikuti 89." Ndinamuyankha kuti mwina ndi kebulo ya sipidomita yatopa.

Chinaulula zonse ndi mvula ya mu Disembala. Ndinali pa msewu wafumbi wolowera kumidzi ya ku Tsangano, matope ali tho, ndiye ndinatsika n'kukhoma ma habu akutsogolo, omwe amalumikiza matayalawo ku ekiselo, n'kuika kandodo kosankhira mawilo okoka pa H4, kuti onse anayi akoke. M'matope inadutsa, ngakhale kumbuyo kunkavina kuposa mmene ndimadziwira. Titangofika pouma, pa nthaka yolimba ya miyala, galimoto inauma thupi lonse. Chiwongolero chinalemera, matayala ankachita kulumpha n'kumakhwekhwereza miyala, pansi pa mipando pakumveka kugunda ngati munthu akumenya chitsulo ndi hamala. Ndinaima kuti ndichotse H4, kandodoko kanakana. Ndinakakoka ndi manja awiri, osatheka. Kanadzatuluka nditabwerera m'mbuyo mamita angapo, ndi phokoso lomwe linandiumitsa m'kamwa.

Mawa lake ndinapita kwa bambo wina wachikulire yemwe amakonza magalimoto pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yake, munthu amene wagwira ma Hilux ndi ma Land Cruiser kuyambira ine ndisanayambe sukulu. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Boneti sanatsegule n'komwe.

"Bambo, difu ya kumbuyoyi inatsegulidwapo chaka chino?"

"Eya abambo, ndinasintha mu Juni. Koma tinawerenga mano, ndi 41 onse."

"Mano a chiyani?"

"A crown."

"Nanga a piniyoni munawerenga angati?"

Ndinakhala chete. Iwo anatuma mdzukulu wawo kuti akatenge jeke, choko ndi miyala inayi.

Mu difu muli magiya awiri amene amagwira ntchito yaikulu. Piniyoni ndi kagiya kakang'ono komwe kamazunguzidwa ndi propshaft yochokera ku giyabokosi, ndipo crown ndi giya lalikulu lomwe limatenga mphamvuyo n'kuipereka ku matayala. Chimene amati reshiyo ya difu ndi mano a crown kugawa ndi mano a piniyoni. Crown ya mano 41 ndi piniyoni ya mano 9 zimapereka 4.556, kutanthauza kuti propshaft izungulire kanayi ndi theka n'kapang'ono kuti matayala azungulire kamodzi. Crown ya mano 41 ndi piniyoni ya mano 10 zimapereka 4.10. Toyota inapanga zonse ziwiri, pamodzi ndi 43 kwa 10 yomwe ndi 4.30, ndi 39 kwa 8 yomwe ndi 4.875, ndipo zonsezi zimakwana mu ekiselo imodzimodziyo ya crown ya mainchesi 8. N'chifukwa chake mutu wolakwika umamangika popanda kudandaula kulikonse. Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya akudziwa mmene zimakhalira. Tcheni chikakhala pa giya lalikulu la kumbuyo, chitunda chimapepuka koma miyendo imazungulira kwambiri pa mtunda wochepa. Chikatsikira pa giya laling'ono, njinga imathamanga pachigwa koma pachitunda wakabaza amaimirira pa mapedulo. Difu ya nambala yaikulu ndi giya lalikulu lija, ya nambala yaing'ono ndi laling'ono.

Tinaika galimoto pamalo athyathyathya, miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala otsala pansi, giya pa nyutulo, kandodo pa H2 (pomwe amakoka akumbuyo okha), handibuleki yomasula. Tinakweza tayala limodzi lokha la kumbuyo, ndipo abambowo anakana kuti aliyense ayandikire kunsi tisanalowetse chitsa cholimba pansi pa ekiselo. Jeke yokha samayikhulupirira, ndipo m'dera lathu alipo anthu amene analumala chifukwa choikhulupirira. Analemba mzere wa choko pa tayala pomwe pali valavu, mzere wina pa chitsulo cha bodi moyang'anizana nawo. Analembanso mzere pa fulanji ya propshaft pomwe imakumana ndi difu, ndi mzere wina pa difu penipeni. Ine anandipatsa tayala, mdzukulu uja anagona chammbali kuyang'ana propshaft.

"Muzungulitse ka 20, mofatsa. Iwe uziwerenga mokweza mzere wako ukamadutsa."

Ndinafunsa chifukwa chake ka 20 osati kamodzi. Yankho lawo ndimalikumbukira mpaka lero. Anatola ndodo pansi n'kundigwiritsa mbali imodzi, iwo mbali inayo. Anati ine ndiime pomwepo, iwo n'kuyenda mapazi awiri kutsogolo, kenako anandifunsa kuti pakati pa ndodoyo payenda mtunda wotani. Panayenda phazi limodzi. Difu wamba imachita chimodzimodzi. Crown imazungulira pakati ndi pakati pa liwiro la matayala awiriwo, n'chifukwa chake galimoto imatha kukhota tayala lakunja likuthamanga kuposa lam'kati. Tayala limodzi likagwidwa ndi nthaka, linalo liyenera kuzungulira kawiri kuti crown izungulire kamodzi. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amazungulitsa kamodzi n'kupeza 2 ndi kanthu, n'kumadabwa kuti ndi difu ya mtundu wanji. Ndiye kawiri ndiko kuzungulira kumodzi kwa crown, ka 20 ndi maulendo 10. Ukangozungulitsa kawiri kokha, kusiyanitsa 4.10 ndi 4.30 kumadalira diso lako pa kachigawo kakang'ono ka fulanji, ndipo diso limanama. Ukazungulitsa ka 20, kusiyanako kumakhala maulendo awiri athunthu a propshaft, oti ngakhale mwana awerenga.

Mwanayo anawerenga, ine ndikuzungulitsa. Mzere wa pa valavu utabwerera pamalo pake ka 20, iye anali pa 41, mzere wake utaima ndendende pa unzake. Kugawa ndi 10, yankho ndi 4.10.

Tinatsitsa, n'kupita kutsogolo. Kumeneko umayamba wakhoma ma habu onse awiri, apo ayi tayala limangozungulira lokha osakoka kanthu. Kandodo kakakhala pa H2, propshaft ya kutsogolo imakhala yomasuka, ndiye kuwerenga kwake n'chimodzimodzi. Ka 20 kachiwiri. Mwanayo anadutsa 41 ine ndisanamalize, nafika pa 45, ndipo mzere unakaima utapitirira theka pang'ono. Abambowo analemba pa dothi ndi chala: 4.56 kutsogolo, 4.10 kumbuyo.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinkaichita galimoto yanga pa miyala paja. Transifa, bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, pa Hilux yamtunduwu ilibe difu ya pakati. Ukaika H4, ma propshaft awiriwo amamangidwa pamodzi, amazungulira liwiro limodzi, palibe wopepesa mnzake. Akazungulira ka 41, matayala anga akumbuyo ankazungulira ka 10, akutsogolo ka 9. Tayala la 205R16 likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.3. Ndiye pa mamita 23 alionse omwe kumbuyo kunkafuna kuyenda, kutsogolo kunkatsalira ndi mamita oposa awiri. Kumbuyo kukukankha, kutsogolo kukukana. M'matope matayala amaterereka n'kutaya kusiyanako. Pouma palibe kotayira, ndiye mphamvu yonseyo imapotokola ma propshaft, ma yunivesali joini, magiya a mu transifa ndi ma hafu shafti, mpaka tayala lilumphe kapena chitsulo china chigonje. Kandodo kankakana kutuluka chifukwa magiya anali atakanikizana ndi mphamvu imeneyo.

Zina zonse zinagwera m'malo mwake. Kuchoka pa 4.556 kupita pa 4.10 kunandilanda gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yokokera ya pa matayala, pa giya iliyonse. Injini ya 3L ilibe mphamvu yapadera yoti ingatayeko, ndiye pa zitunda za Dedza zinaonekeratu. Sipidomita ya magalimoto akalewa imawerenga kuzungulira kwa shafti yotuluka ku giyabokosi, siidziwa zomwe zikuchitika ku matayala. Inapangidwira difu ya 4.556, ndiye nditaika ya 4.10 matayala ankayenda mtunda wochuluka pa kuzungulira komweko. Muvi pa 80, galimoto pa 89, monga mwana uja ananenera. Chimene chimandiopsa ndikakumbukira n'chakuti miyezi isanu ndi umodzi ndinkadutsa m'malo a malonda a m'mbali mwa M1, modzaza ana ndi njinga, ndikukhulupirira muvi womwe unkandichepetsera liwiro.

Tisanasiyane, abambowo anatsegula boneti kwa nthawi yoyamba, n'kupukuta ndi chala kachitsulo ka aluminiyamu kokhomedwa pa khoma la kuseri kwa injini. Pa mzere wolembedwa TRANS/AXLE panali G252. Pa ma Toyota a zaka zimenezo, G amaimira crown ya mainchesi 8, manambala awiri apakati ndiwo reshiyo, ndipo yomaliza imanena mtundu wa difu. 25 ndi 4.556, 28 ndi 4.30, 29 ndi 4.10, 14 ndi 4.875. Yomaliza ikakhala 2 kapena 4 ndi difu wamba, ikakhala 3 kapena 5 ndi ija ya LSD yomwe imagwira matayala onse awiri limodzi likayamba kuterereka. Ma Hilux apambuyo pake ali ndi manambala a kalembedwe kena, oyamba ndi chilembo n'kutha ndi chilembo, ndipo amenewo amafuna buku la galimoto yomweyo. Yankho linali pa galimoto yanga zaka zonsezi, pansi pa fumbi. Komabe abambowo anandichenjeza kuti kachitsuloko kamanena zomwe galimoto inatuluka nazo ku fakitale basi. Pikapu ya zaka 30 kuno kwathu yadutsa m'manja ambiri, ma ekiselo ena anachokera ku galimoto ya ngozi, ena anabwera pa lole kuchokera ku Joni. Iwo amawerenga kachitsuloko, kenako amatengabe choko.

Za LSD zija zili ndi kawerengedwe kake. Ukakweza tayala limodzi n'kupeza kuti likulimba kuzungulira ngakhale handibuleki ili yomasula, usalikakamize. Kweza onse awiri. Pa difu wamba, ukazungulitsa limodzi linalo limabwerera m'mbuyo, pomwe pa LSD onse amapita mbali imodzi. Zikatero zungulitsa ka 10 matayala onse akuyendera limodzi, werenga propshaft, gawa ndi 10.

Pali funso lomwe ndinadzifunsa usiku umenewo: bwanji mano ake ndi manambala ovuta chonchi, 41 kwa 9, 43 kwa 10, 39 kwa 8, osangopanga 40 kwa 10? Chifukwa chake n'chanzeru. Pa 40 kwa 10, dzino lililonse la piniyoni likanamakumana ndi mano anayi omwewo a crown moyo wake wonse, ndipo kachilema kakang'ono pa dzino limodzi kakanamadya malo omwewo mpaka kukumba. Manambala akakhala osagawanika ndi nambala imodzi, dzino lililonse limayendera mano onse a mnzake, kudyeka n'kumafalikira mofanana. Ndipo crown ndi piniyoni zimapangidwa ngati banja, zimakhuzidwa limodzi ku fakitale. Sungatenge piniyoni ya mano 9 n'kuiphatika ku crown ya 41 yomwe inadulidwira piniyoni ya mano 10. Chiwerengero cha mano n'chofanana koma kapendekedwe kake n'kosiyana. Ndinafunsa zimenezi poganiza zopulumutsa ndalama, ndipo anandiletsa.

Sindikunena kuti 4.10 ndi difu yoipa. Mnzanga wina ali ndi pikapu ya petulo yokoka ndi kumbuyo kokha, imayenda pa tala pakati pa Lilongwe ndi Blantyre ndi katundu wopepuka, ndipo kwa iye nambala yaing'ono ndi yabwino, injini imapuma. Pa galimoto yotero munthu ukhoza kusankha, bola udziwe kuti sipidomita isintha. Koma pa dizilo yopanda tebo yosenza matumba m'mapiri, ine ndimaima ndi 4.556, ndipo pa galimoto ya mawilo anayi okoka palibe zosankha, kutsogolo ndi kumbuyo ziyenera kufanana. Anyamata omwe amakonda kuika matayala akuluakulu a mainchesi 31 pa ma Hilux amenewa akuchita zofanana ndi zomwe zinandichitikira, pang'ono chabe. Tayala lalikulu limayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi, galimoto imaoneka bwino koma imafooka pachitunda, muvi n'kumanama.

Ndinabwerera kwa mnyamata wa masipeya uja ndi mutu wake m'thumba lomwe lija. Sindinapite ndi ukali, chifukwa sindikhulupirira kuti anandinamiza dala. Anawerenga zomwe anaphunzitsidwa kuwerenga, ndipo ine ndinavomereza. Piniyoni imabisala m'kati mwa chitsulo, mano ake amaoneka awiri kapena atatu basi, ndiye anthu amathamangira crown yomwe ili poyera. Ndinamupempha choko chake. Difu ikakhala pansi, kuwerenga kumaphweka kuposa ili pa galimoto, chifukwa crown ukuiona. Ndinalemba dzino limodzi la crown ndi mzere pa fulanji, n'kuzungulitsa fulanjiyo ndi dzanja mpaka dzino lija litabwerera pamalo pake. Kanayi ndi kachidutswa kakang'ono. Kenako tinasuzumira m'kati ndi tochi ya foni, n'kudontheza choko pa dzino limodzi la piniyoni, n'kuwerenga: 10. Mnyamatayo anagwira pakamwa.

"Pepani bwana, ine ndimadziwa kuti 41 ndi 41 basi."

Anafufuza m'mashelefu ake, anaimbira anzake awiri, ndipo patapita masiku anayi anandiitana. Mutu womwe anaupeza unali wakuda ndi oyilo wakale, koma mano ake anali osalala, opanda chibaluwe. Tisanakambe za ndalama yowonjezera, iye mwini anatulutsa choko m'thumba la ovolosi. Fulanji inazungulira kanayi, theka, n'kapang'ono. Piniyoni, mano 9.

Miyezi ija inandisiyira ngongole yake. Kilatchi ndinasintha mu Febuluwale isanakwane nthawi yake, ndipo yunivesali joini imodzi ya propshaft ya kutsogolo inapezeka ndi mpata. Transifa inapulumuka. Mu difu yatsopanoyi ndinathira oyilo wa GL-5, ndipo kabowo kopumira kaja ndinakalumikiza ndi kapaipi kokwera mpaka pansi pa bodi kuti madzi a mumtsinje asakafikenso.

Ulendo woyamba wobwerera ku Tsangano ndinatenga mwana wa mlongo wanga ndi foni yake. Pa M1 muvi uli pa 80, iye anati 79. Titafika pa miyala paja ndinaima, ndinakhoma ma habu, ndinaika H4, n'kuyenda molunjika mamita ngati 50 mawindo ali otsegula, tonse tikumvetsera kunsi. Kunkangomveka miyala ikuphwanyika pansi pa matayala. Ndinaponda kilatchi, n'kukankha kandodo ndi zala ziwiri, ndipo kanabwerera pa H2.